Pamalire

Zelipa, lero kwabweranso foni ya matenda aja.
A Gelevazio a kabaza aibweretsa atakulunga m'kansalu,
akuti Lachiwiri inagona m'thumba la jekete yonyowa
pochokera ku Mwami ndi matumba awiri a feteleza.
Pakona pa galasi pamera kadontho kakuda
ngati chiwawu pa tsamba la fodya,
ndipo kakukula.

Ndawauza kuti kadontho sindichiza,
koma kuchotsa galasi lonse n'kuika lina la ku Chipata.
Iwo akuti, chifukwa cha kameneka basi?
Ndiye ndakumbukira usiku uja utabwera kumaliro a amayi,
magetsi atazima, iwe ukulemba pakhonde ndi khala.

Apa galasi, unatero.
Pamwamba pake kachitsulo koonekera mkati ngati madzi a pamjigo.
Kenako pulasitiki wosungunula, dontho limodzi,
timalizunguza pakambale mpaka lidziyale lokha,
lipyapyale kuposa khungu la anyezi,
kuposa kakhungu ka pamkaka wowiritsa.
Ung'ambe tsitsi lako kachikwi, utolepo kamodzi: ndi komweko.
Pamwamba timafunditsa aluminiyamu.

Ine ndinati, nanga babu ali pati?

Unaseka, ungakhale unali ndi duku lakuda kumutu.
Palibe babu, achimwene.
Mbali ino kumachokera timbewu ta magetsi, taliwiro,
mbali inayo kumachokera mipata, malo opanda mwini,
ngati mpando wotsala wa minibasi
ukuyenda wokha kusaka wokwera.
Zikakumana pakati, wokwera n'kukhala pansi,
kupuma kwakeko ndiye kuwala.

Koma vuto silili pakati ayi, unatero.
Vuto lili pamalire,
pamene chitsulo chagundana ndi pulasitiki.
Awiriwa sayankhula chinenero chimodzi.
Pali chitunda, pali chipata, pali mzere.
Zaka zanga zinayi zathera pamenepo,
pakamalo kosakwana nsonga ya singano,
kusaka kankhoswe kopyapyala koyala pakati pawo
kuti owoloka asagone panjira.

Ine wa pa Mchinji zimenezo ndinazimva msanga.
Ndaona malole atandandana kuyambira pachipata
masiku atatu, madalaivala akuchapa malaya m'zigubu zodula,
chifukwa cha chidindo chimodzi.
Ndaona kwacha yathu ikukanidwa pangodutsa mapazi makumi awiri
mpaka atatulukira mnyamata wa kachikwama m'chiuno.

Ndipo mfiti yake ndi chinyezi, unatero,
ndi mpweya womwe tikupumawu.
N'chifukwa chake manja ako amagwira ntchito m'bokosi lotseka,
m'magolovesi akuda ofika m'khwapa,
ndipo sunakhudzepo ndi chala chamaliseche
chinthu chimene unapanga wekha.
Kabowo kamodzi, kanthunzi kalowe,
chitsulo chichita dzimbiri, chimatuka pa mnzake,
malire atsekedwa,
mudzi wa tinyali uyamba kuzima
nyumba ndi nyumba.

Izi a Gelevazio sindinawauze.
Ndangoti, munalowa madzi, bambo.
Awerenga ndalama za m'sokosi, sizinakwane.
Atenga foni yawo. Manambala akuonekabe, atero,
ndizingoipendeketsa.

Madzulo ano nditatseka kontena
ndinatola galasi lina lakufa m'katoni,
n'kulisenda ndi lezala pansi pa kagalasi kokuzira,
kufuna kuona malire ako aja.
Sindinaone kanthu.
Nkhope yanga yokha, yopindika,
ndi lata la padenga.

Uthenga wako wa mwezi watha sindinayankhe.
Ulipo apa, ukuwalabe,
tinyali zikwizikwi tikuwolotsa alendo awo
kuti mawu ako asanu ayime chilili:
Achimwene, kodi munda mwatani nawo?

Ndinabwereketsa a Nangozo, adzalamo soya.
Mango a kuseri aja abereka mpaka nthambi yathyoka.
Chala changa chili pa dzina lako,
ndipo pamenepo galasi lafunda pang'ono.